Geti la Mapaipi Kuseri kwa Nyumba

1. Mpata wa kuseri

Kuseri kwa nyumba imene Kaphuma ankakhala ndi amayi ake kunali mpata. Mpatawo unali pakati pa khoma la bafa ndi mpanda wa njerwa, ndipo munthu wamkulu ankadutsapo bwinobwino atasenza ndowa. Kale pankatsekedwa ndi lata, koma latalo linadyeka ndi dzimbiri mpaka linagwa lokha nthawi ya mvula. Kuyambira pamenepo aliyense ankangoti tikonza, tikonza. Inu mukudziwa kumene mawu amenewa amathera.

Ukangotuluka pampatapo, wafika mumsewu. Si msewu wamasewera ayi. Mumadutsa malole onyamula mchenga, ndipo amathamanga ngati wina akuwapirikitsa.

Kaphuma anali mtsikana wa kusekondale. Dzinali anamupatsa ndi amayi ake chifukwa chilichonse ankachita mwaphuma. Akatsuka mbale, mafuta amatsalira kunsi. Akasoka batani, mawa lake lathothoka. Mayeso ankamaliza woyamba m'kalasi, kenako n'kuzindikira kuti kuseri kwa pepala kunalinso mafunso. Koma mtima wake unali wabwino, makamaka kwa mlongo wake wamng'ono, amene onse ankangomutchula kuti Mzime.

Mzimeyo anali atangophunzira kumene kuyenda, koma zoyenda pang'onopang'ono iye sanazifune. Anangodumphira pa kuthamanga. Ukatembenuka kuti utenge sopo, mwana wapita.

Tsiku lina masana, amayi ali kuntchito kwawo kwa telala, Kaphuma ankayanika zovala uku akuyang'anira mlongo wakeyo. Anangomva mabuleki a lole kumsewu, kenako anthu akukuwa. Poyang'ana pamene anamusiya mwana, panali kapu yokha. Asanafike n'komwe pampata paja, anakumana ndi dalaivala wa lole atanyamula Mzime m'manja. Bamboyo anati sakufuna kukumbukira pamene tayala linaimira. Mzime ankangoseka, akukoka chipewa cha bamboyo.

Nkhani yotere sigona. Pofika madzulo inali itawapeza abambo ake a Kaphuma, amene ankagwira ntchito kutali ndipo ankabwera kunyumba mwa apo ndi apo. Abambo anaimbira mlongo wawo, azakhali a anawa. Azakhaliwo anali mayi wosazengereza pa chilichonse, choncho anagamula pompo kuti mwana amutenga, akakhale naye kwawo mpaka adzayambe sukulu. Kwawoko kunali kutali, kokwera mabasi awiri.

Amayi anachonderera pa foni mpaka mawu anasasa. Azakhali anafewa pang'ono chabe. Anati abwera Loweruka madzulo ndi chikwama. Akapeza mpata uli chitsegukire, mwana anyamuka naye. Akapeza patsekedwa bwino, akambirana.

Kaphuma atamva zimenezi analira kwambiri. Ankamukonda mlongo wakeyo. Ndiye ankamusambitsa, ndiye ankamugoneka, ndipo dzina loyamba limene mwanayo anatchula linali lake, ngakhale ankangoti "Puma".

2. Amalume abwera ndi mapaipi

Amayi anathamangira kwa mlongo wawo, amene anali pulambala. Amalumewo anabwera, nayang'ana mpatawo atagwira m'chiuno. Anati geti lachitsulo silingatheke Loweruka lisanafike, ndipo lamatabwa chiswe cha pamalopo chingalimalize chaka chisanathe. Koma kunyumba kwawo anali ndi mapaipi apulasitiki otsala pantchito, oyera aja odutsa madzi. Amenewo sachita dzimbiri, chiswe sichiwadziwa, ndipo ngopepuka.

Amayi anafunsa ngati mlongo wawoyo sakuwaseka. Geti la mapaipi? Amalume anangoti adikire aone.

Lachisanu madzulo anakumba dzenje pafupi ndi khoma la bafa, naimikamo paipi yaikulu kuti ikhale mzati. M'kati mwake analowetsamo chitsulo n'kuthiramo simenti, kuti pofika m'mawa ikhale itagwira. Loweruka m'mamawa anabweranso atamangirira mapaipi pa njinga, chikwama cha zida chili kumsana. Amayi anali atapita kale kuntchito, chifukwa panali diresi la mwini wake lofunika tsiku lomwelo.

Amalume anakhuthula zonse pabwalo. Panali sowo, tepi yoyezera, pensulo, sandipepa ndi kachitini ka guluu. Panalinso zolumikizira mapaipi za mitundu iwiri. Zina zinali zopindika ngati chigongono, zoika m'makona. Zina zinali ndi milomo itatu ngati chilembo cha T, zimene apulambala amangoti matii.

Anamuonetsa Kaphuma mmene geti lidzakhalire. Mzere wa pamwamba ndi wa pansi udzakhala wa matii, olumikizidwa ndi tizidutswa tating'ono ta paipi. M'matiimo mudzalowa mapaipi oimirira. Kumbali kudzakhala matii awiri akuluakulu, ovekedwa pa mzati, amene azidzazungulira geti likamatseguka.

Mapaipi oimirira amalume anadula okha. Kenako anadula kachidutswa kamodzi kafupi, namupatsa Kaphuma kuti kakhale chitsanzo. Asanadule kachiwiri, foni inalira. Kunali kumalo ena ophikira buledi kumene amalumewo ankakonzako mipope. Paipi yaikulu inali itaphulika, madzi akulowa mosungira ufa, ndipo mwini wake ankalankhula ngati akulira. Amalume sakanakana. Anakwera njinga, kenako anatsikanso n'kumuitana Kaphuma.

"Tamvera Kaphuma, ndipo umve ndi makutu onse awiri, chifukwa ndimakudziwa," anatero amalume. "Choyamba, tizidutswa tonse udule molingana ndi aka ndakupatsaka. Usayeze ndi maso. Maso amanama, makamaka a munthu amene akufuna kumaliza msanga. Ika kachitsanzoka pa paipi, lemba ndi pensulo, kenako dula. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, guluu uyu usamukhudze ine ndisanabwere. Lumikiza geti lonse louma, popanda kumata. Ife pantchito timatero nthawi zonse, ngakhale amene tinayamba ntchitoyi iwe usanabadwe. Timalumikiza, n'kuyang'ana, n'kuyesa, n'kumasula, n'kukonza. Uyu si guluu uja mumamatira mapepala kusukulu. Uyu amasungunula pulasitiki, mapaipi awiri n'kusanduka chinthu chimodzi. Ukangolowetsa, usanameze malovu wagwira, ndipo akagwira palibe kupepesa. Chokhota chimakhala chokhota mpaka kalekale, chotsala ndi sowo basi. Ndiye ngakhale wina akuuze kuti nthawi yatha, ngakhale azakhali ako aime pakhomo ndi chikwama chawocho, guluu ayi. Wamva?"

Kaphuma anati wamva. Ananena msanga kwambiri, monga mwa nthawi zonse, moti amalume anamuyang'ana kaye asanapalase njinga.

3. Wailesi afika

Kudula paipi kumaoneka kosavuta akamadula wina. Kaphuma atagwira sowo anapeza kuti imaterereka, imakodwa, ndipo paipi imagubuduka ngati ili ndi maganizo ake. Mwamwayi Mzime anali atagona pamphasa pabalaza. Atadula tizidutswa tingapo, m'manja munali mutayamba matuza. Anayang'ana mulu wa matii umene unatsala, mtima unamugwa.

Nthawi yomweyo anatulukira mnzake wa m'kalasi, mtsikana wa nyumba yoyandikana nayo. Anzake ankamutchula Wailesi, chifukwa akatsegula pakamwa panalibe wodziwa pozimitsira. Anakhala pa ndowa yovundikira n'kuyamba kufotokoza za geti la kwa msuweni wake, za mphunzitsi wa masamu, ndi za mtsikana wina amene anameta tsitsi molakwika. Sowo sanaigwire.

Kenako foni imene amayi ankasiya pakhomo inalira. Anali amayi. Anati azakhali apeza galimoto ya munthu wodziwana naye, ndiye safikanso madzulo, afika dzuwa lisanafike pamutu. Iwo sakanachoka kuntchito diresi lisanathe. Anafunsa ngati geti likuyenda, ndipo Kaphuma anati likuyenda. Kaphuma anaimbira amalume, koma foni inkangoitana osayankhidwa. Munthu amene ali m'madzi mpaka m'mawondo sayankha foni.

Apa m'pamene phuma linamugwira Kaphuma. Anaona kuti akadula tizidutswa totalikirapo, matii alowa ochepa, mapaipi oimirira alowa ochepa, ndipo ntchito itha msanga. Kachitsanzo kaja anakaponya m'chikwama cha zida. Anayamba kudula moyeza ndi maso, chidutswa chilichonse chotalika kawiri kuposa cha amalume.

Ntchito inathamangadi. Pasanapite nthawi geti linali litagona pansi, lonse lathunthu, loyera mbee. Wailesi analiyamikira kuti likuoneka ngati logula kusitolo, ndipo anati mipata ikuluikuluyo ndiyo ikulikongoletsa. Atalikweza kuti alione bwino, kona imodzi inasolokoka. Anaibwezera poimenya ndi chikhatho.

"Waona? Azakhali akowo akangoligwedeza kamodzi, ligwa mapaipi okhaokha," anatero Wailesi. "Ndiye Mzime uzidzangomuonera pa zithunzi. Mata, iwe. Guluu ali apa, burashi ili m'kati momwemo. Amalume ako akabwera adzachita kukuthokoza kuti wawachepetsera ntchito."

Kunena zoona, mawu amenewa sanali opusa. Azakhali anali m'njira, amalume sankayankha, ndipo geti losamata linalidi lofooka. Kaphuma anatenga kachitini kaja n'kupotokola chitsekero. Fungo lake linamulasa m'mphuno mpaka misozi inalengeza. Anatulutsa burashi, guluu akudontha. Wailesi anali atagwira kale tii yoyamba, akumuuza kuti afulumire.

Kaphuma anayang'ana matii otsala amene anali mbwee pansi. Anayang'ananso burashi. Kenako anaibwezera m'chitini n'kutseka mwamphamvu.

"Amalume anandiuza zinthu ziwiri," anatero. "Chimodzi ndaphwanya kale. Ichi ayi."

Musaganize kuti anachita zimenezi mokondwa. Anali atakwiya zedi. Anakwiyira amalume, anakwiyira paipi yophulika ija, anakwiyiranso Wailesi amene tsopano ankamunena kuti ndi wamantha. Kachitiniko anakaika pamwamba pa zenera la bafa mochita kumenyetsa.

4. Mutu wa Mzime

Anagwirizana kuti angolikoleka getilo momwemo, kuti azakhali akafika apeze chinthu chili pampata. Ananyamula awiri, naveka matii akuluakulu aja pa mzati. Geti linatsetsereka bwinobwino mpaka pansi. Mbali inayo anaimangirira ndi chingwe ku msomali wa pa mpanda. Ukaliona uli patali, linali geti ndithu.

Wailesi analowa m'nyumba kukamwa madzi, ndipo potuluka chitseko anachisiya chosatseka. Kaphuma anali atawerama, akutolera zida. Mumsewu munadutsa lole ikuliza hutala. Mzime, amene anali atadzuka mwakachetechete, anatuluka liwiro n'kudutsa pakati pa atsikana awiriwo, molunjika kumene kunkamveka lole.

Geti linamuimitsa, koma osati lonse. Mutu unalowa pakati pa mapaipi awiri n'kutulukira kunja, mapewa n'kukanika. Atafuna kubwerera, makutu anakodwa. Mwana anayamba kulira, kulira kwenikweni kwa mantha, akukankha mapaipi ndi timanja take. Akamakoka kwambiri, m'pamenenso khosi linkapanikizika.

Ndiye taonani tsoka lake. Galimoto imene anakwera azakhali inawatsitsira mumsewu wa kuseri womwewo. Anabwera ndi chikwama m'manja, nakhota kuti alowere pampata, ndipo chinthu choyamba chimene anaona chinali mutu wa mwana wa mlongo wawo uli kunja kwa geti, nkhope ili psuu, thupi lili m'kati.

"Mayo, mwana!" anakuwa azakhali, chikwama chili pansi.

Anagwira mapaipi awiriwo kuti awatanyule, koma sanasunthe, chifukwa anali olowa m'matii pamwamba ndi pansi. Wailesi ankazungulirazungulira, akunena za sopo ndi mafuta ophikira. Azakhali analamula kuti wina abweretse sowo msanga.

"Sowo ayi, azakhali," anatero Kaphuma. "Ingogwirani mutu wake kuti asakoke."

Anaponda mzere wa pansi ndi phazi. Anaika zikhatho zonse ziwiri kunsi kwa mzere wa pamwamba n'kukankhira m'mwamba ndi mphamvu zake zonse. Poyamba sizinatheke. Anamenya ndi chibakera, namenyanso, ndipo mzere wonse unazuka kuti phwa. Mapaipi oimirira anatsala akugwedezeka opanda chowagwira. Anazula imodzi n'kuiponya uko. Mutu wa Mzime unatuluka wokha.

Azakhali analumpha zotsala za geti n'kumunyamula mwanayo. Anamuyang'ana khosi, anamuyang'ana makutu. Makutu anali ofiira, koma panalibe bala. Posakhalitsa kulira kunasanduka kusisima. Azakhali sanapereke moni kwa aliyense. Anatola chikwama chawo n'kulowa m'nyumba, mwana ali paphewa.

Kaphuma anangokhala pansi pomwepo pa fumbi. Wailesi anati zii, chinthu chimene anthu a m'deralo anali asanachionepo. Kenako anati amayi ake akumuitana, ngakhale panalibe amene anamva kuitanako.

5. Zimene guluu amachita

Amayi ndi amalume anafika motsogozana, amalume buluku lili chinyowere. Anapeza geti lili mbali ziwiri, Kaphuma maso ali ofiira, ndipo m'chipinda azakhali akupinda timalaya ta Mzime n'kumaika m'chikwama. Amayi atamva zimene zachitika anamukumbatira Mzime. Sanathenso kuchonderera. Akanati chiyani?

Amalume anatola chidutswa chimodzi pansi. Anapisa m'chikwama cha zida, natulutsa kachitsanzo kaja n'kuziika pamodzi. Anamuyang'ana Kaphuma. Iye anafotokoza zonse, za matuza, za foni ya amayi, za kuyeza ndi maso. Dzina la Wailesi sanalitchule, chifukwa sowo inali m'manja mwake iyeyo.

Kenako amalume anaona kachitini pa zenera. Anakatsitsa, naona kuti chitsekero chinatsegulidwapo.

"Unatsegula?"

"Ndinatsegula, amalume. Koma sindinamate."

Amalume anapuma mpweya wautali. Anaitana amayi ndi azakhali kuti atuluke kaye panja aone chinthu. Azakhali anatuluka monyinyirika. Amalume anatenga chidutswa cha paipi ndi tii imodzi, napaka guluu, nalowetsa. Anadikira pang'ono chabe, kenako anapatsa azakhali mbali imodzi, Kaphuma mbali inayo, kuti akoke. Anakoka mpaka azakhali anaterereka. Anayesa kupotokola. Chinthucho chinali ngati chinabadwa chotero.

"Akanamata, alamu, bwenzi pano tikucheka ndi sowo pafupi ndi khosi la mwana, iye akuphiriphitha," anatero amalume.

Amayi anakhala pa ndowa atagwira pakamwa. Kaphuma anayambanso kulira, koma ulendo uno kunali kulira kwa munthu amene wapulumuka. Azakhali anayang'ana paipi imene inali m'manja mwawo kwa nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa Kaphuma.

"Iwe mwana wa achimwene, pukuta misoziyo undimvere," anatero azakhali. "Ukuganiza kuti ine ndadzuka m'bandakucha, n'kukwera galimoto ya eni ake, chifukwa ndimakonda kulanda ana? Ayi. Chimene sindikufuna ndi kudzaimbiridwa foni ina, yoti ndibwere ndi nsalu yakuda. Mwana wamng'ono alibe nzeru zoopa. Nzeru zake ndi iweyo, ndi amayi akowa. Iwe ukafupikitsa ntchito kuti upume msanga, amene amalipira si iwe, ndi uyu amene sadziwa kanthu. Lero wadula ntchito pakati chifukwa m'manja munkawawa, ndipo waona wekha pamene mutu wa mlongo wako unali. Koma ndaonanso china. Unali ndi guluu m'manja, nthawi itakuthera, ine ndili m'njira, ndipo unamvera mawu a munthu amene panalibe. Ana ambiri amamvera pamene wamkulu akuwaona basi. Chimenecho sindichitaya. Basi yanga imanyamuka dzuwa likapendeka. Chikwama sindimasula. Pangani geti lanulo, ndidzaliyesa ndekha."

6. Kuyesa geti

Amalume sanamulande Kaphuma sowo. Anamubwezera, pamodzi ndi kachitsanzo ndi pensulo. Anamuuza kuti mwayi wake ndi wakuti analakwitsa motalikitsa, chifukwa chachitali chimadulidwa koma chachifupi sichikula. Anamuonetsa kuponda paipi ndi phazi pa njerwa kuti isagubuduke, ndiponso kusiya sowo idye yokha osaikakamiza. Amayi anamumanga kansalu m'manja pa matuza paja.

Kaphuma anayeza, nalemba, nadula. Anayezanso, nalemba, nadula. Amalume ankapala m'mphepete ndi sandipepa. Matii onse amene anatsala aja analowa, ndipo mapaipi oimirira anayandikana. Analumikiza geti lonse louma, nalikoleka pa mzati. Amalume anauza Kaphuma kuti ayese kulowetsa chibakera chake pampata uliwonse, kuyambira woyamba mpaka womaliza. Sichinalowe paliponse. Anapeza kuti kona imodzi ya pansi ikukhula simenti, ndiye analitsitsa n'kukonza. Kaphuma anaona yekha kuti nayonso konayo ikanakhala yomata, ikanakhula mpaka kalekale.

Zonse zitakhala bwino, amalume analemba timizere ta pensulo pa mfundo iliyonse, kuti pomata chilichonse chibwerere pamalo pake. Amayi analowa ndi Mzime m'nyumba chifukwa cha fungo. Tsopano amalume anatsegula kachitini, napatsa Kaphuma burashi. Iye ankapaka, iwo n'kumalowetsa ndi kugwira. Pofika pa matii akuluakulu ovala pa mzati, anamugwira dzanja. Anati m'kati mwa amenewo simufika guluu, apo ayi apanga khoma m'malo mwa geti. Kaphuma anaseka koyamba tsiku limenelo.

Chokolera anachiika pamwamba, mbali ya kunja, pamene mkono wa munthu wamkulu wokha ungafike. Anadya chakudya cha masana akudikira kuti guluu aume bwino.

Dzuwa litayamba kupendeka, azakhali anatuluka. Analigwedeza getilo ndi manja awiri. Analitsegula, nalitseka, nalitsamira ndi thupi lonse, ndipo azakhaliwo sanali munthu wochepa thupi. Geti linangoti njo. Kenako anatulukira kunja, nakolera, napisa m'kachikwama kawo ka m'manja n'kutulutsa bisiketi. Anagwada kutsidya kwa geti n'kumuitana Mzime.

Mwana anabwera liwiro. Anayesa mutu, mphumi inagunda mapaipi. Anayesa cham'mbali, zinakanika. Anagona pansi kuti akwawire kunsi, koma kunalibe malo. Anayesa kukwera, timapazi tinaterereka pa pulasitiki. Anagwira mapaipi awiri n'kugwedeza mokwiya, kenako anakhala pansi n'kutsegula kukamwa kulira. Nthawi yomweyo kumbuyo kwa azakhali kunadutsa lole yodzaza mchenga, nthaka ikunjenjemera, fumbi lili koboo. Mzime anali m'kati.

Amayi anatulutsa mpweya umene anausunga sabata yonse. Azakhali anapatsira mwanayo bisiketi pakati pa mapaipi, akuseka uku akupukuta m'maso. Analowa m'nyumba, ndipo atatuluka chikwama chinali chopepuka. Timalaya ta Mzime tinali pa bedi.

Kaphuma anamunyamula mlongo wakeyo n'kumufinya mpaka mwanayo anadandaula. Anali wosangalala moti sankadziwa choti achite ndi manja ake. Amalume anamangirira zida pa njinga, namuuza kuti tsiku lina akadzafuna wowathandiza adzamuitana, koma adzayamba amubisira guluu.

7. Mawu a pa geti

Amayi anaperekeza azakhali kudzera pa geti latsopanolo. Kaphuma anatsala akusesa tizinyenyeswa ta pulasitiki, Mzime atamugwira siketi. Akuluakulu awiriwo anaima kunja, ndipo ankaganiza kuti akulankhula motsitsa. Koma geti la mapaipi silitchinga mawu.

"Mulamu, wamng'onoyu ndamusiya, ndipo mtima wanga uli m'malo," anatero azakhali. "Koma nyumba ija yandikulira ndekha, miyendonso yayamba kundivuta. Pafupi ndi kwathu pali sekondale yabwino. Ine ndimafuna mwana woti ndikamuuza chinthu, n'kuchoka, achisunge. Lero ndamuona. Ndilankhula ndi achimwene za wamkuluyu, teremu ikatha mundiyankhe."

Tsache linaima m'manja mwa Kaphuma. Mzime anamukoka siketi, akuti, "Puma, Puma," kuti amunyamule.

Kaphuma anadikira kuti amayi akane. Amayi anangoyang'ana pansi, nati amva.